Nyumba nambala 14 ya pa laini

Titaika maliro a azakhali ku Mulanje mu Julaye 2024, ine ndinali nditakonza zoti m'mawa mwake tibwerere ku Blantyre. Ababa anali ndi zaka 69 ndipo mawondo awo sagwirizana ndi chiperoni. Koma m'mawa muja, ndili pakati pomanga katundu, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kunena motsitsa mawu kuti, "Iwe, usanandikweze minibasi, undiperekeze ku malaini. Ndikufuna ndikaone ngati ikadalipo."

Sanachitchule chinthucho koma ndinadziwa. Ankanena nyumba imene anabadwira mu 1955, m'malaini, mizere ya nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi pamene agogo anathera mphamvu zawo zonse. Ine ndinakula ndikungoimva m'nkhani, ndipo nkhani zake sizinali zokoma. Tikadandaula kuti chipinda chatichepera ku Ndirande, ababa ankangoti, "Inu simunaone kanthu. Ife tinkagona anthu asanu ndi anayi mu nambala 14." Nkhani n'kuthera pomwepo. Sanatitengereko ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo ife sitinapemphe.

Tinakwera kabaza wa njinga zamoto, ababa patsogolo, ine pambuyo. Phiri silinkaoneka chifukwa cha nkhungu, ndipo mvula yamawawa inkatinyowetsa pang'onopang'ono mpaka m'kati mwa juzi. Inali nyengo yodulira tiyi, choncho minda ina inali yobiriwira ngati mphasa yoyala, ina itangotsala zitsa zotuwa. Titadutsa nkhalango ya bulugama, ababa anamenya wakabaza paphewa kuti aime. Anatsika, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wataya ndalama m'udzu, kenako anayamba kuyenda osatidikira.

Iwo akuti kale panali nyumba makumi awiri, khumi mbali iyi khumi mbali iyo, zoyang'anizana, mpope umodzi kumapeto. Tinapezapo zisanu ndi ziwiri. Zina zinagwa ndi mvula ya Freddy mu Malichi 2023, zina anazigwetsa kalekale, ndipo pamene zinali pamera chisoso ndi mabilinganya a winawake. Chakumunsi kunkaoneka nyumba zatsopano, zamalata owala ndi mawindo agalasi. Nambala 14 inalipo. Manambala ake, amene anawalemba ndi penti yakuda pamwamba pa chitseko, anali atafufutika moti ine ndinangoona 4 yekha. Ababa sanayang'ane n'komwe pamwambapo. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Odi kuno."

Anatuluka mtsikana wa zaka mwina 25, mwana kumsana, manja ali ndi thovu la sopo. Ababa anavula chipewa n'kufotokoza kuti sitinabwere ndi mlandu, iwo anabadwira m'nyumbayi. Mtsikanayo anapukuta manja pachitenje, n'kugwada pang'ono. "Lowani agogo, kwanu n'kuno. Pepani simunakonzedwe."

Ndifotokoze mmene nyumbayo ilili, chifukwa n'kutheka kuti pofika chaka chamawa ifeyo ndi amene tidzakhale otsiriza kuiona. Ndi ya njerwa zowotcha, zikuluzikulu kuposa za masiku ano, zomangira dothi osati simenti. Kunja anaipakapo njereza kangapo konse, ndipo pamene yakakatuka pamaoneka mitundu itatu, wina pamwamba pa unzake. Pa sitepe ya pakhomo, pamene pokha pali simenti, mmisiri wina analemba ndi kamtengo simenti isanaume kuti 1951. Chitseko n'chachifupi, ababa anachita kuwerama. M'kati ndi chipinda chimodzi. Ndinachiyeza ndi mapazi anga: masitepe asanu mulitali, anayi mulifupi. Pakati anamangapo chingwe n'kupachika nsalu kuti kukhale kuchipinda ndi pabalaza. Windo ndi limodzi, lathabwa, lopanda galasi, moti ukalitseka masana umachita kufufuza ndi manja. Mapaso ndi malata zili bii ndi mwaye wa zaka makumi asanu ndi awiri. Kuseri kuli kakhitchini kogwera mbali imodzi, mafuwa atatu ndi thabwa loyanikapo mbale.

Ndinaima pakati n'kuyamba kuwerenga mumtima: agogo, anganga, ababa, abale awo asanu, ndi mphwawo wa agogo amene anabwera kudzafuna ntchito n'kukhala zaka zitatu. Ndinayesa kuwayala pansi m'maganizo mwanga, mphasa ndi mphasa, koma sankakwana. Nditafunsa, ababa anati anyamata akasinkhukirapo ankagona m'khitchini muja, pafupi ndi phulusa, ndipo m'miyezi ya chiperoni malo amenewo ankachita kulimbirana.

Kenako anagwada movutikira pafupi ndi chitseko n'kuyamba kusisita felemu ndi zala, chakumunsi, mbali ya m'kati. "Bweretsa foni uwunike apa."

Nditawunika ndinaona timizere todula ndi mpeni, tating'onoting'ono, tothinana, kuyambira m'munsi mpaka kulekeza m'chiuno. Tina tinali titatsekeka ndi litsiro, koma ukayendetsa chikhadabo umatimva. Patapita timizere tingapo pankakhala mzere wautali wopingasa. Mtsikana uja anati ankaganiza kuti ndi ana ankasewera ndi mpeni.

"Awa ndi masiku a agogo ako," anatero ababa.

Nthawi imeneyo munthu sankalipidwa pakutha pa mwezi wa pa kalendala. Ankalipidwa tikiti ikadzaza, ndipo tikiti inali masiku 30 ogwira ntchito. Madzulo aliwonse kalaliki ankachonga tsiku pa tikiti, koma ankachonga pokhapokha kapitawo atavomereza kuti wamaliza mgwazo. Ngati dengu lako silinafike pa sikelo, kapena mzere wako wolambula sunathe, tsikulo ankalidula. Wanyowa kuyambira mbandakucha, msana ukuwawa, koma pa pepala tsikulo kulibe. Motero tikiti ya masiku 30 inkatha kutenga milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa. Agogo sankadziwa kulemba kapena kuwerenga. Ndiye akaweruka, asanasambe n'komwe, ankakhala pansi apa n'kudula kamzere kamodzi ndi mpeni wawo wodulira tiyi. Tsiku lililonse limene agwira, kaya lachongedwa kaya ladulidwa, linkalowa pa felemu. Mzere wopingasa unali tsiku lolandira.

Ndinafunsa ngati ankapita nazo ku ofesi kukatsutsa. Ababa anapukusa mutu. "Akatsutse ndani? Nyumba ndi ya kampani, ukalongolola mawa lake katundu ali panja. Ankangofuna kudziwa iwo eni. Ankati munthu akamakudyera uzidziwa kuti wadya zingati."

Ndinayamba kuwerenga pakati pa mizere iwiri yopingasa. Ndinapeza 34. Pamwamba pake 37. Pena 31. Sindinathe kupitiriza, maso anadzaza misozi, ndipo mtsikana uja anandipatsa mpando.

Felemuyo yakhala zaka zonsezi chifukwa ndi ya mkungudza wa m'phiri. Ababa anaikanda ndi kiyi pakona n'kundiuza kuti ndinunkhize, ndipo fungo lake linatuluka ngati thabwa lachekedwa dzulo. Chiswe sichiudya mtengo umenewu, n'chifukwa chake atsamunda ankaugwetsa kwambiri pomangira. Boma linalengeza mu 1984 kuti ndiwo mtengo wa fuko lathu, koma lero m'phirimo mitengo yake ikuluikulu inatha, anthu akuchita kubzala mbande. Choncho pa khomo limodzi lomwelo pali zinthu ziwiri zimene sizidzapezekanso.

Agogo sanabadwire kuno. Anawoloka malire ali kumsana, kuchokera mbali ya Milanje ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1920. Makolo awo ankathawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, ngati mmene Alomwe ambirimbiri anachitira kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Kumene anathawirako anapeza malo abwino ali kale m'manja mwa azungu, amene anapatsidwa zikalata za umwini m'nthawi ya Harry Johnston. Tiyi anali atayamba kale. Henry Brown anabzala woyamba ku Mulanje mu 1891, ndipo mitengo itakwera pa msika wa dziko lonse pambuyo pa mgwirizano wa tiyi wa 1933, minda inafutukuka kwambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo. Minda imeneyo inkafuna manja, ndipo manja otsika mtengo anali a anthu obwera, opanda mfumu yowayankhulira, opanda munda wawowawo.

Umo ndi mmene mawu abwino akuti thangata, amene kumudzi ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasandukira dzina la goli. Ukufuna pomanga khumbi ndi polima chimanga? Ugwirire mwini malo, mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho, ndipo miyeziyo ankaifuna m'dzinja, nthawi imene munda wako nawo ukukudikira. Mkwiyo wa thangata unali m'gulu la zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Lamulo la 1928 linayesa kuika malire koma linasiyira eni malo mphamvu zothamangitsa anthu. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka chipolowe chimene chinayambira pa nkhani ya malalanje, anthu n'kutseka misewu ndi mitengo, ena n'kuphedwa. Anganga ankakumbukira chaka chimenecho osati ndi nambala ayi, ankati "chaka chimene tinagona m'tiyi", chifukwa amayi ndi ana a pa laini anathawa m'nyumba usiku atamva kuti kukubwera asilikali. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ababa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Nyumba zanjerwa ngati nambala 14 zinabwera mochedwa m'nkhani imeneyi. Poyamba antchito ankadzimangira okha timakumbi taudzu. Nkhondo yachiwiri itatha, amuna ambiri ankalowera ku Salisbury (Harare wa lero) ndi ku Joni kumene malipiro anali okwera, ndipo maesiteti anaona kuti akapanda kukonza pogona ndi phoso, dzinja lidzafika wothyola tiyi palibe. Ndiye 1951 wa pa sitepe uja ali ndi nkhani yake. Nyumbayi sinamangidwe chifukwa cha chifundo, inamangidwa kuti munthu asachoke. Komabe ababa akuti tsiku limene anganga analowa m'nyumba yamalata anaimba nthungululu, ndipo mpaka imfa yawo ankanena kuti nyumba yawo yoyamba yosadontha inali imeneyi. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo ine sindikufuna kutaya china kuti chinzake chimveke bwino.

Tili m'katimo ababa anamasuka kuposa mmene ndinawaonerapo. Analoza msomali pakhoma, wopindika, wadzimbiri: apo ndi pamene agogo ankapachika thumba la chiguduli limene ankafunda kumutu pothyola tiyi pamvula. Analoza pakona pamene pankakhala chitini cha phoso, ufa ndi nyemba ndi kamchere zimene ankalandira pa mlungu, ndipo anati Lachinayi likamafika anganga ankagogoda chitinicho kuti amve ngati chifika Loweruka. Anatitulutsa kuseri n'kutionetsa kamunda kosakwana mizere khumi pamene pankamera nandolo ndi chinangwa. Anafotokoza za kalongonda amene ankawira pamoto kuyambira m'mawa mpaka madzulo, madzi ake n'kumataya kangapo kuti ululu uchoke, ana atazungulira mphika ngati anapiye. Anafotokoza za wezulo ya ku fakitale imene inkalira kusanache, ndi za Loweruka lolandira, pamene amuna ankatulutsa ng'oma n'kuvina tchopa pabwalo la pakati pa mizere iwiri ija mpaka fumbi kukwera. Pa laini pankamveka Chilomwe, Chimang'anja, Chiyao ndi Chisena, koma ana onse ankasewera m'Chinyanja, ndipo ababa akuti Chilomwe chawo chinathera pamenepo. Kusukulu ankanyozedwa ndi dzina lija lakuti Anguru, ngakhale kuti Lewis Bandawe ndi anzake anali atalimbana nalo kale m'zaka za m'ma 1940 kuti lichoke m'mabuku a boma. Mwana akanyozedwa amabisa chilankhulo, ndipo ababa anachibisa mpaka chinasowa.

Agogo anayamba ngati mwana wozula udzu m'mizere, n'kukhala wothyola, n'kukhala wodulira, ndipo msana utakana anawapatsa ulonda wa usiku. Mu 1979 anawauza kuti akapume. Anapereka kiyi wa nambala 14 ku ofesi pasanathe mlungu. Anatuluka ndi mphasa, mtondo, wayilesi, mbuzi ziwiri ndi bulangete limene anawapatsa powatsanzika, n'kupita kumudzi kwa anganga. Zaka 28 m'nyumba imodzi, ana asanu ndi mmodzi kubadwiramo, ena awiri kufera momwemo ali makanda, koma panalibe njerwa ndi imodzi yomwe imene akanati ndi yawo. Anamwalira mu 1986 ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene ndimakumbukira ndi zala zawo, zakuda kunsonga, zong'aluka ngati nthaka ya m'chilimwe.

Potsanzika, mtsikana uja anatiuza kuti anawalonjeza kuti nyumba zisanu ndi ziwiri zotsalazi adzazigwetsa akamaliza zatsopano zina kumunsi kuja. Ananena nkhope ikuwala. Ine pakamwa panathamanga, ndinati, "Koma achemwali, nyumba imeneyi ndi yofunika, siyoyenera kugwetsa."

Anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, mukadzabwere mu Febuluwale mudzagonemo usiku umodzi. Mwanayu chifuwa sichimutha."

Ndinasowa chonena, ndipo n'chifukwa chake ndatenga nthawi yaitali chonchi ndisanalembe nkhaniyi. Iye ankanena zoona. Munthu wochokera m'tauni, wogona m'nyumba ya siling'i, alibe ufulu wouza mayi wa mwana wodwala kuti apirire chinyezi chifukwa cha mbiri. Ababa nawo anali mbali yake. Tikubwerera kumsewu anati, "Aigwetse basi. Ukufuna anthu azibwera kudzaona umphawi wathu? Ine ndinalimbikira sukulu kuti ndituluke mmenemo, iwe ukufuna kundibwezeramo."

Ndinawayankha kuti, "Ababa, nanga bwanji mwadzuka m'mawa ndi mawondo amenewa kudzaiona?" Sanandiyankhe. Tinayenda chinunu mpaka pa bulugama paja.

Zimene ndinalephera kuwauza tsiku limenelo ndi izi. Ku Blantyre ndimadutsa kawirikawiri pa Mandala, nyumba yosanja ya 1882 imene timainyadira kuti ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri m'dziko muno. Ndimapemphera nthawi zina ku St Michael and All Angels, tchalitchi chimene chinatha kumangidwa mu 1891. Pa maesiteti ena nyumba za mabwana akale anazikonza kukhala malo ogona alendo, makonde aakulu, maluwa, kapinga wometa bwino. Sindikudana nazo, ndi zokongola ndipo zisungidwe ndithu. Koma zikatsala zokhazo, mwana wa mdzukulu wanga adzaphunzira mbiri ya tiyi ataima pakhonde la bwana, akuyang'ana minda kuchokera pamwamba. Adzaona pamene tiyi ankamwera, osaona pamene wothyola ankagona. Makalata amene ali ku National Archives ku Zomba nawo ambiri analembedwa ndi a pakhonde omwewo: ma DC, mamanejala, amishoni. Agogo sanasiye kalata, sanasiye chithunzi ali mnyamata, dzina lawo mwina lili m'kaundula wina amene anadyedwa ndi njenjete. Chimene analemba ndi dzanja lawo chili pa felemu ija basi.

Ana athu amaphunzira za thangata kusukulu. Wanga wamng'ono analoweza tanthauzo lake n'kukhoza mayeso, koma nditamufunsa kuti munthu wa thangata ankadya chiyani, ankagona pati, anangondiyang'ana. Mawu a pa bolodi amafufutika ndi dasitala. Koma mutatenga ana asanu ndi anayi a Sitandade 7, n'kuwalowetsa mu nambala 14, n'kutseka windo lathabwa lija, n'kuwauza kuti agone pansi onse, palibe amene angadzaiwale.

Ndinaonapo zotere zikuchitika. Ndili ku Lusaka pa ukwati wa msuweni wanga, anandipititsa ku Chilenje kukaona nyumba nambala 394, kanyumba wamba ka m'komboni kamene Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962. Anakasunga ndi mipando yake, ndipo Land Rover imene ankayendera pomenyera ufulu ili pomwepo. Nyumba imeneyo poyamba inali ya mtundu womwewo ndi ya agogo, yomangira munthu wakuda wogwira ntchito. Inapulumuka chifukwa amene anagonamo anadzakhala pulezidenti. Ku Johannesburg achimwene anga ananditengera ku Workers' Museum ku Newtown, kompaundi ya 1913 imene munkagona amuna ogwira ntchito za khonsolo. Kumeneko ndiye kunandikhudza kwambiri, chifukwa simunagonemo pulezidenti aliyense. Anasunga mabedi a konkire osanjikizana, kachipinda kotsekeramo wolakwa, ndipo pafupi pomwepo pali tinyumba ta amisiri achizungu, kuti munthu aone yekha kusiyana kwake popanda womulalikira. Anthu a kumeneko sanachite manyazi ndi konkire imeneyo. Anaona kuti manyaziwo si a amene ankagonapo.

Ndi zimene ndikufuna ababa amve. Umphawi wa mu nambala 14 sunali ulesi wa agogo. Timizere 37 pa malipiro a masiku 30 ndi umboni wa zimenezo, ndipo ukagwetsa umboni, chotsala ndi mphekesera. Tsiku lina wina adzanena kuti zinthu sizinali zoipa chotero, kuti akuluakulu ankakokomeza, ndipo sipadzakhala khomo lomulozera.

Pempho langa si lalikulu. Mtsikana uja ndi anzake asamukire kumunsi, ndipo asamuke msanga, mvula isanayambe. Nyumba zisanu ndi imodzi zigwe ngati zikuyenera kugwa. Koma imodzi itsale. Aikonze denga kuti isadonthe, alimbitse khoma la kuseri limene Freddy analisiya ndi mng'alu, basi. Asaipake penti yowala, asaikemo matailosi, asachotse mwaye, ndipo koposa zonse wina asabwere ndi sandipepa kudzasalaza felemu. Tili ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limene limapatsa boma mphamvu zoteteza nyumba ndi malo a mbiri, ndipo sindikuona chifukwa chimene nyumba ya wothyola tiyi ingalepherere kulowa m'kaundula mmene muli Mandala. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, ndiye alendo azibwera ochuluka, ndipo onsewo amadutsa m'minda ya tiyi asanafike patsinde pa phiri. Chaka chilichonse mu Okutobala timasonkhana kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, timavina, timadya kalongonda, timakumbutsana kumene tinachokera. Koma pakati pa kumene tinachokera ndi pamene tili pano pali malaini, ndipo ambiri a ife makolo athu anadutsa mmenemo. Ndikulemba kalata yopita kwa oyang'anira esitetiyo ndi ina ku nthambi ya boma yoona za malo a mbiri, ndipo ndikudziwa kuti kalata ya munthu mmodzi ndi yopepuka. Amene makolo anu anakhalapo m'malaini a ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Nkhata Bay, funsani akuluakulu anu akadali moyo, ndipo ngati nyumbayo ikadaima pitani mukaijambule ndi kuiyeza.

Ababa sanasinthe maganizo awo poyera, ndipo sindikuwakakamiza. Amene anagona pafupi ndi phulusa ndi iwo, osati ine. Koma tili mu minibasi, titadutsa pa Luchenza, anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Foni yako ija imajambula mawu?" Nditavomera anati, "Tsegula."

Anayamba ndi nambala 1. Munkakhala kapitawo wa odulira, Myao wa ku Chiradzulu, amene mkazi wake ankaphika zitumbuwa zogulitsa tsiku lolandira. Nambala 2, banja la ku Milanje, ana awo onse anamwalira ndi chikuku chaka chimodzi. Nambala 3, mmisiri wa njerwa, ndipo ababa akuganiza kuti ndi iyeyo amene analemba 1951 pa sitepe. Nambala 4, mlonda wosakwatira amene anali ndi galamafoni, ana onse a pa laini ankakhala pakhomo pake Lamulungu masana. Ankatchula mayina, mayina a akazi awo, a ana, mudzi umene anachokera, kumene anapita atapereka kiyi. Anthu a mu minibasi anasiya nkhani zawo n'kumamvetsera, ndipo mayi wina wa pampando wa kumbuyo anati agogo ake nawonso anali a pa laini, koma ku Thyolo.

Batire inatha tili pa nambala 9, chakufupi ndi Bvumbwe. Ababa anati palibe kanthu, ndipite Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, nditenge chaja ndi kope. Ndakhala ndikupita. Tafika pa nambala 17, ndipo nambala 14 anaidumpha, akuti imeneyo tidzamalizira.